Wogwira Makwerero Akwera Thanthwe

Dzina lakuti Kapitawo anawapatsa ndi amuna awo, ndipo linawakanirira mpaka ana a m'tauniyo ankayesa kuti ndi lobadwa nalo. Amuna awowo anali mmisiri wa madenga, ndipo aliyense ankangowaitana kuti Amisiri. A Kapitawo ntchito yawo inali kugwira makwerero. Ena akamva zimenezi amaseka. Osekawo sanaimepo tsiku lathunthu pansi pa munthu amene wanyamula lata lakuthwa m'mwamba, mphepo ikuomba.

Anayamba ukwati ukadali wauwisi. Nthawi imeneyo Amisiri ankalemba aganyu. Waganyu wina anasiya makwerero kuti akayatse fodya, Amisiri n'kutsika pamodzi ndi makwerero omwewo, nthiti n'kuthyoka. Atachira, mkazi wawo anavala nsapato zachimuna, n'kunena kuti, "Tiyeni." Sanapemphe chilolezo kwa munthu.

Kugwira makwerero kuli ndi malamulo ake, ndipo a Kapitawo anawapeza okha. Phazi limodzi limatsekereza mwendo wa makwerero pansi. Manja agwire onse awiri. Lamulo lalikulu ndi lakuti wogwira sayang'ana kumwamba. Ukangodzutsa mutu, thupi limapendekera kumbuyo, phazi limamasuka, dzimbiri la malata n'kukugwera m'maso. Umayang'ana pamene miyendo ya makwerero yaluma dothi. Za kumwamba umazimva ndi manja.

Pantchito sankayankhulana, chifukwa pakamwa pa Amisiri pankakhala misomali. Akafuna kutsika ankagogoda ndi hamala pamutu pa makwerero. A Kapitawo ankayankha ndi mphete yawo yaukwati pathabwa, go go, kutanthauza kuti ndagwira, bwerani. M'kupita kwa zaka mpheteyo inaphwatalala mbali imodzi, ndipo pathabwapo panakumbika kadzenje.

Anafolera sukulu, chigayo, nyumba yamapemphero, mashopu a pamsika, ndi nyumba za anthu zosawerengeka. A Kapitawo ankadziwa dothi la pakhomo lililonse: pamene pali mchenga wonyenga, pamene pamaterera, pamene pali nyerere zoluma. Koma denga ngakhale limodzi sanalionepo kuchokera pamwamba. Madzulo Amisiri ankafotokoza mmene msana wa denga wawongokera, iwo n'kumangoti, "Chabwino," uku akuwatsuka mabala a malata m'zala.

Kenako mawondo a Amisiri anatha. Makwerero anagonekedwa kuseri kwa nyumba. Amisiri anapeza ntchito yatsopano, yokhala pakhonde n'kumanyoza madenga a amisiri anzawo.

Maso a a Kapitawo anatsatira. Anayamba kugunda phewa pachitseko chimene anadutsapo moyo wawo wonse. Kapu ikakhala pambali pa mbale ankaigwetsa ndi chigongono. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawatengera kwa dokotala wa maso. Dokotalayo sanazungulire. Anati mtsempha wa maso ukufota, chimene chapita sichibwerera, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa chabe.

"Wati chiyani?" anafunsa Amisiri atabwerako.

"Wati ndikusuzumira mu paipi. Paipiyo izingochepa."

"Kutsogolo mukuona?"

"Inu ndikukuonani. Tsoka lake ndi limenelo."

Amisiri anaseka pang'ono, kenako anapita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako.

Chaka chimenecho a Kapitawo ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Namwino anabwera Lamlungu lina ndi mapulani ake a tsiku lawo lobadwa: keke, diresi yatsopano, mipando yobwereka, achibale. Anafotokoza zonse ataimirira pakati pa balaza, makiyi ali m'manja. Amayi ake anamvetsera mpaka anamaliza.

"Keke ubweretse, bambo akowa amaikonda. Mipando usavutike nayo. Ine tsiku limenelo ndikukakwera thanthwe lija."

Thanthwelo aliyense ankalidziwa. Lili kumapeto kwa tauni, kuseri kwa malo amene kale ankaswako miyala. Limaima lokha ngati dzino lotsala m'kamwa mwa nkhalamba, lopanda njira yokwerera mbali iliyonse. Loweruka, mphunzitsi wina wa masewera ankapita kumeneko ndi zingwe, n'kumakweza anthu ofuna.

Namwino anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha.

"Amayi, inu patebulo pomwe simunakwerepo."

"N'chifukwa chake."

"Ndi maso amenewa?"

"Ndi maso amenewa. Chaka chamawa sindikudziwa ngati adzakhalepo. Ndagwira makwerero mpaka tsitsi layera, koma chimene ndinkagwiriracho sindinachione. Ndikufuna ndione madenga paipi isanatsekeke."

"Ndipeza munthu akajambule, muone pa foni mutakhala pampando."

"Chithunzi ndi cha munthu amene anaona kale."

Amisiri anatsokomola pakhonde. "Thanthwe si makwerero, a Kapitawo."

"Inu munakwerapo thanthwe?"

"Ayi."

"Ndiye khalani chete. Tonse ndife alendo."

Namwino anayesa njira zonse zimene namwino amadziwa. Anatchula kuthamanga kwa magazi, mafupa a anthu achikulire, mabedi a m'chipatala. Anayesa kulira. Amayi ake anamupatsa mpango wopukutira misozi, n'kumufunsa ngati akudziwa kumene mphunzitsi uja amakhala.

Aphunzitsi anali munthu wowonda, wa ndevu za imvi, woyankhula ngati mawu amagula. Anabwera kunyumba, anawayang'ana m'manja a Kapitawo, anawauza kuti awafinye dzanja. Atabweza dzanja lawo analipukusa pang'ono.

"Manja alipo," anatero. "Miyendo tiikonza."

"Chingwe agwire awa," anatero a Kapitawo, akuloza amuna awo ndi chibwano.

"Chingwe ndimagwira ndine, mayi."

"Inu sindikudziwani."

Anagwirizana pakati. Amisiri agwira, Aphunzitsi aima kumbuyo kwawo atagwiranso chingwe chomwecho, kuti wina akalephera wina alipo.

Masabata otsatira anali a ntchito. M'mawa uliwonse a Kapitawo ankakwera ndi kutsika masitepe a pabwalo la mpira, anthu n'kumafunsana ngati mayiwa ataya chinthu. Loweruka Aphunzitsi ankawakweza timiyala tating'ono tofika m'mapewa. Amisiri nawo anapachika thumba la mchenga pamtengo wa pakhomo, n'kumalikweza ndi kulitsitsa ndi chingwe monga anawaonetsera.

"Ntchito iyi ndi ya ana," ankatero. "Zaka zonsezi mumangodya zaulere eti?"

"Thumba silinjenjemera," anayankha a Kapitawo.

Tsikulo linafika ndi dzuwa labwino, mphepo pang'ono. Namwino anabweretsa keke m'katoni ndi bokosi la mabandeji, ndipo bokosi la mabandejilo analiika poonekera kuti aliyense adziwe maganizo ake. A Kapitawo anavala buluku la mwana wawo, koyamba m'moyo.

"Lakukhalani," anatero Amisiri. "Ndikanadziwa kale."

"Maso pachingwe, bambo inu."

Aphunzitsi anakwera kaye okha, mofulumira ngati buluzi, n'kukapisa chingwe m'chitsulo chimene chinakhomedwa pamwamba. Atatsika anawamanga a Kapitawo lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu, n'kuwaveka chipewa cholimba. Chingwecho chinkachoka m'chiuno mwawo, kukwera mpaka kuchitsulo cha pamwamba, n'kutsika kudzalowa m'kachitsulo kena ka m'chiuno mwa Amisiri.

"Mphete muvule, mayi. Ikakodwa pamwala imapita ndi chala," anatero Aphunzitsi.

A Kapitawo anaiyang'ana. Sinachokepo pachala chiyambire. Inatuluka ndi malovu komanso kulimbana, n'kusiya mzere woyera. Anaipereka kwa amuna awo. Amisiri sankavala mphete, poti mmisiri wa malata savala, ndipo zala zawo zinali ngati mipini ya makasu. Inangolowa kukachala kakang'ono, mpaka pakati.

"Mukataya musabwere kunyumba," anatero a Kapitawo.

Anaika dzanja pathanthwe. Linali lofunda ngati msana wa munthu. Anakweza phazi.

Poyamba zinayenda. Manja amene anagwira makwerero zaka zonsezo sanavutike ndi mwala. Ankagwira, kuponda, kudzikweza. Vuto linali khosi. Akangokwera pang'ono, mutu unkawerama wokha kuyang'ana pansi, monga unazolowera. Munthu amene moyo wake wonse wayang'ana pamene chinthu chaluma dothi sasiya tsiku limodzi.

Vuto lina linali pansipo. Amisiri anali asanakhalepo pansi pa munthu. Mutu anaupinda chagada, pakamwa pali yasa, ndipo misomali yotseka pakamwapo panalibe.

"Kumanja! Dzanja lamanja, a Kapitawo! Ayi, phazi kaye! Pamenepo ayi! Pamwamba pakepo!"

Akamakuwa ankakokanso chingwe, ngati akukweza thumba lija. Lamba ankawanyamula a Kapitawo m'chiuno phazi lisanakhazikike. Aphunzitsi ankati, "Masulani pang'ono, bambo," Amisiri n'kumasula, kenako n'kuyambanso. Namwino anali ataphimba kumaso ndi manja, akusuzumira pakati pa zala.

Pakati pa ulendo thanthwe linatulutsa mimba. Pogwira panali pambali, kunja kwa paipi yawo, ndipo a Kapitawo sankapaona. Anaweramitsa mutu monga mwa chizolowezi. Dothi, lomwe masiku onse linkakhala pafupi ngati mnansi, linali litathawira kutali. Anayendetsa paipi yawo mpaka inapeza amuna awo. Inapeza nkhope yoyang'ana kumwamba, kenako inatsika mpaka kumapazi. Mapazi onse awiri anali pamodzi, pa timiyala togubuduka, zidendene zili m'mwamba.

Kutalika a Kapitawo akanakupirira. Chimene sakanapirira n'chakuti wogwira uja sankadziwa ntchito.

"Amisiri!"

"Ndili pano! Kwezani dzanja lamanzere!"

"Mukuyang'ana kuti?"

"Kwa inu!"

"Phazi lanu lili pati?"

Amisiri anayang'ana mapazi awo ngati awabwereka.

"Limodzi kutsogolo, mutsekereze pamwala uwo. Chotsani timiyalato. Maso pansi. Pakamwa tsekani."

"Mayi," anatero Aphunzitsi mokweza, "pathanthwe wogwira chingwe amayang'ana kumwamba."

"Ndiye inuyo yang'anani. Awo ayi."

Aphunzitsi anakanda ndevu, n'kusendera pafupi, chingwe chili m'manja. "Ine ndiyang'ana, bambo. Inu chitani zimene anena abwana."

Amisiri anatsekereza phazi, n'kugwetsa maso pansi. A Kapitawo anamva chingwe chikusintha. Chinasiya kukoka, chinasiya kulendewera, chinangokhala. Koma tsopano mantha anali atalowa kale, ndipo mantha akalowa satuluka chifukwa choti wawauza. Mwendo wamanja unayamba kudumpha wokha ngati wa telala pamakina. Zala zinayamba kuterera ndi thukuta. Anakanikiza tsaya pamwala. Kutsogolo kwa maso awo kunali kachigamba ka mwala wotuwa ndi nyerere imodzi yoyenda ulendo wake. Kumanja mdima, kumanzere mdima.

Anaganiza zotsika. Palibe akanawaseka. Namwino akanasangalala, keke ikanadyedwa, anthu akanati mayiwa anayesetsa. Ndipo madenga akanakhala monga analili, nkhani za madzulo za munthu wina.

"Amayi, tsikani basi!" analira Namwino. "Zakwana!"

A Kapitawo anakakamira pamwala.

Kenako anamva. Kamawu kakang'ono, kachitsulo pachitsulo, kochokera pansi. Go go. Kanakwera ndi mphepo, mwinanso ndi chingwe chomwecho, iwo sanadziwe. Amisiri, mutu uli pansi, manja osachoka pachingwe, ankagunditsa mphete yophwatalala ija pakachitsulo ka m'chiuno mwawo. Go go. Ndagwira.

Zaka zonsezo a Kapitawo ankatumiza mawu amenewo kumwamba, koma anali asanawamvepo akufika. Sankadziwa kuti amamveka aang'ono chonchi, ndiponso kuti amakwanira.

Anapuma. Popeza maso sankathandiza, anawatseka. Za kumwamba umazimva ndi manja. Dzanja lamanzere linayenda pamwala, likufufuza monga linkafufuzira misomali m'thumba, mpaka linapeza mng'alu wolowa zala. Anagwira. Phazi linapeza kamphuno ka mwala. Anadzikweza, mimba yawo ikukhuzana ndi mimba ya thanthwe, bondo n'kusupuka, buluku la Namwino n'kung'ambika. Chingwe chinawatsatira mwakachetechete, osatsogola, osatsalira.

Kuchokera pamenepo anakwera osayang'ananso pansi. Pansi panali munthu.

Pamwamba, pafupi ndi chitsulo chija, panali kamalo kokhala ngati benchi. Anakhalapo, msana pamwala, miyendo ikulendewera. Anadikira kuti mpweya ubwerere. Kenako anatsegula maso.

Tauni yonse sakanaiona nthawi imodzi. Paipi yawo inkalola denga limodzi basi, choncho anayamba kuyenda nayo pang'onopang'ono, khomo ndi khomo, ngati munthu wopereka moni pamaliro. Anayambira pamsika, pamene ankapadziwa ndi mtengo waukulu. Mashopu anali pamzere, malata akuwala ngati madzi. Anapeza chigayo, denga lake lotuwa ndi fumbi. Pamenepo ankakumbukira dothi lolimba ngati simenti, lomwe makwerero ankakana kuliluma. Anapeza sukulu, pamene nyerere zinawaluma mpaka m'mawondo iwo osasuntha phazi. Denga lake linali lalitali, lobiriwira, lokongola kuposa mmene Amisiri ananenera. Anapeza nyumba yamapemphero, yosongoka, imene inawadyera mwezi wa mphepo.

Sanafunike wowauza kuti ili ndi la Amisiri, ili ndi la wina. Madenga a ena anali ndi misana yolowa pakati ngati ng'ombe zokalamba. A Amisiri anali owongoka ngati anawajambula ndi rula. Bamboyo sankanama. Ankangodzitama, koma sankanama.

Anakhala nthawi yaitali. Denga lililonse ankaliyang'ana mpaka litakhazikika m'mutu, n'kuliika pamwamba pa dothi lake limene ankalidziwa kale. Pansi palibe anawafulumizitsa.

Pomaliza anafufuza kwawo. Anatsata msewu, kudutsa mpope, kukhota pa shopu ya telala. Anapeza mtengo wa pakhomo, thumba la mchenga likadalendewera. Anasuntha paipi pang'ono.

Anayang'ana, anatikita maso, n'kuyang'ananso.

Denga lawo linali la zigamba. Lata lofiira, lata lobiriwira, lata ladzimbiri, zotsala za nyumba za anthu ena. Pakona pamodzi panali miyala. Pakati penipeni panali tayala lagalimoto litatsindira lata lopanda msomali. Kwa zaka zambiri, mvula ikagwa, a Kapitawo ankatchera beseni kuchipinda, Amisiri n'kumati denga lilibe vuto, ndi mphepo imene ikulowetsa madzi chammbali.

Anaseka okha pamwambapo mpaka misozi inatuluka, ndipo anaisiya ituluke, poti panalibe woona.

Kutsika kunali ndi vuto lake. Aphunzitsi anali atawauza kuti munthu amasiya mwala, n'kugonera kumbuyo pamphepo, thupi lonse n'kulipereka kuchingwe. A Kapitawo anatola kamwala, n'kugogoda pachitsulo cha pamwamba monga hamala inkachitira. Anadikira. Yankho linabwera kuchokera pansi. Go go. Anasiya mwala.

Mapazi atagunda dothi, Namwino anawagwira, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi, n'kuyamba kutsuka bondo losupuka lija mwaukali, wosangalala kuti mabandeji ake apeza ntchito. Aphunzitsi anamasula lamba, anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kupita kukapinda zingwe zawo.

Amisiri anali atakhala pamwala. Malaya anali atanyowa ngati agwera m'madzi. A Kapitawo anakhala pambali pawo, n'kutembenuza mutu wonse kuti awapeze mu paipi.

"Mwagwira bwino. Kumapetoku."

Amisiri sanadzutse mutu. "Munkanjenjemera. Pamimba paja. Ndinamva m'chingwe."

"Eya."

"Chilichonse chimamveka. Ngakhale mukapuma."

"Eya."

Namwino ankalimbana ndi katoni ya keke.

"Ndiye kuti pamakwerero paja," anayamba Amisiri, n'kuima.

"Tsiku loyamba mutachira nthiti," anatero a Kapitawo. "Mwezi wa nyumba yamapemphero. Tsiku limene mwanayu anagonekedwa m'chipatala inu n'kuumirira kupita kuntchito. Ndi chaka chomaliza chonse, mawondo atayamba."

"Ine ndinkati simukudziwa."

"Ndinkadziwa."

"Osanena?"

"Wogwira sayankhula."

Amisiri anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kunena kuti fumbi la pamalo pano ndi loipa. A Kapitawo anavomereza kuti ndi loipadi.

Keke inali itapendekera mbali imodzi ndi kutentha. Mpeni anaiwala, choncho Aphunzitsi anadula ndi kampeni kawo ka zingwe. Namwino anayamba nyimbo, koma palibe anamuthandiza, n'kuisiya panjira. Anadya ndi manja afumbi.

"Nanga mwaona chiyani, amayi?" anafunsa Namwino. "Zoti mpaka kung'amba buluku langa."

"Ndaona ntchito ya bambo ako. Ndi yabwino. Misana yonse njowongoka."

Amisiri anadzutsa chifuwa. "Ndinkakuuzani ine."

"Ndaonanso tayala."

Amisiri anasiya kutafuna.

"Tayala lanji?" anafunsa Namwino.

"Afunse bambo ako. Mphepo yolowetsa madzi chammbali."

"Linali la kanthawi chabe," anatero Amisiri. "Ndinkati ndikapeza mpata."

"Mwanayu anali asanayambe sukulu pamene ndinagula beseni lija."

Lolemba m'mawa a Kapitawo anakoka makwerero kuseri kwa nyumba. Anawagogoda thabwa ndi thabwa kuti amve ngati chiswe chalowa. Anali bwino. Anawaimika pakona ya kuchipinda, anayesa dothi ndi chidendene, anaika misomali m'thumba la buluku long'ambika lija, lomwe Namwino anakana kulilandiranso. Namwinoyo anali kuntchito, ndipo awiriwo anagwirizana kuti iye amva zikatha.

"Padenga penipeni simukwera," anatero Amisiri. "Muimirire pamakwerero, mukankhe tayala ndi mtengo, mukhome lata la m'mphepetelo. Zapakati tiitana munthu."

"Tiitana mmodzi wa aja mumawanyoza."

"Ndidzamuyang'anira."

Amisiri anatsika pakhonde ndi ndodo yawo, n'kuitsamiritsa kukhoma. Kenako anakumbukira, anayamba kupotokola mphete kukachala kakang'ono kuti aibweze.

"Isiyeni pomwepo," anatero a Kapitawo. "Mpheteyo ndi ya wogwira."

Amisiri anatsekereza phazi pamwendo wa makwerero. Anagwira ndi manja onse awiri. Chala chawo chinapeza kadzenje kaja pathabwa. A Kapitawo anaika misomali pakamwa, anatenga hamala, n'kuponda thabwa loyamba. Atafika pakati anaweramitsa mutu kamodzi kokha. Anaona pamwamba pa mutu wa imvi, maso ali padothi.

Anapitiriza kukwera.